Utsi watikwana ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Ku Golomoti kulibe fakitale ngakhale imodzi yoti munthu n'kuiloza chala kuti ndiyo ikufukiza anthu. Ku Mtakataka nako kulibe, ndipo ku Mua chomwe chimamveka ndi belu la tchalitchi ndi nsompho za anthu osema ziboliboli basi. Koma tafunsani aliyense amene amatsika msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, akuuzani kuti nyanja ija imaoneka mbee mvula ikangokata, nyengo imeneyi siioneka n'komwe. Chigwa chonse chimakhala chitafunda chinthu chotuwa chonga nkhungu, ndipo dzuwa limakalowa lili psuu ngati diso lodwala.

Nkhungu imeneyi si ya mvula ayi. Ndi utsi wosakanikirana ndi fumbi, ndipo ndi womwe tonse okhala kuno tikupuma usana ndi usiku, kuyambira khanda la masiku atatu mpaka gogo woyendera ndodo. Ine ndinabadwira kuchigwa konkuno, ndipo ndazungulira m'midzi ya kwa Kachindamoto kufuna kuona komwe utsi wonsewu ukuchokera. Zomwe ndapeza n'zowawa kumva: moto wake tikusonkha ndife tomwe, ena kaamba ka umphawi, ena kaamba ka chizolowezi, ndipo ena kaamba koti abale athu a m'tauni akufuna makala.

MDANI WOSAONEKA NDI MASO

Tikamati mpweya waipa, ambiri amaganiza za fungo la chimbudzi kapena la nsomba zoola. Koma akatswiri a zaumoyo akamatero amakhala akunena za tinthu ting'onoting'ono tomwe timauluka mu utsi, tomwe iwo amatitcha PM2.5. Kuchepa kwake n'koti mutatenga tsitsi limodzi la m'mutu n'kuling'amba ka 30, kachidutswa kamodziko ndiye kukula kwa kanthu kameneka. Fumbi lalikulu lija timamina lili bii tikachokera kumsika limakodwa m'mphuno, koma timeneti timadutsa osaima mpaka m'katikati mwa mapapo, tina n'kulowerera m'magazi.

Zotsatira zake ndi matenda omwe timawadziwa kale koma sitiwaganizira kuti akuchokera kumoto: chibayo kwa ana, chifuwa chosamva mankhwala kwa amayi achikulire, mphumu yobwerabwera, matenda a mtima, kufa ziwalo, khansa ya m'mapapo, ng'ala m'maso, komanso ana obadwa ndi sikelo yotsika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha, utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo mwa iwo oposa 237,000 anali ana osakwana zaka zisanu. Tangoganizani, abale, imfa zonsezo popanda mfuti kulira.

Mu utsi muli mdani winanso wotchedwa carbon monoxide, yemwe alibe fungo ngakhale mtundu. Ameneyu ndi uja amapha banja lonse usiku umodzi likagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera nthawi yozizira. Munthu amangomva mutu kulemera, tulo n'kumutenga, osadzukanso. M'mawa anthu amayamba kulozana zala za ufiti pomwe mfiti yake ili pakati pa nyumba, phulusa lili mbuu.

KUMAFUWA NDIYE KUCHIMAKE

Utsi woopsa kwambiri si wa kutchire kapena wa pamsewu, koma wa m'khitchini. Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kuno kumudzi ambiri ndi a nkhuni pa mafuwa atatu. Lowani m'khitchini iliyonse ya udzu ku Golomoti muyang'ane kudenga. Muona mwaye uli lende, wakuda bii ngati phula. Ngati udzu wouma ukuda chotere, nanga mapapo a mayi yemwe amawerama pamenepo katatu patsiku, zaka makumi atatu, ali bwanji?

Agogo anga akuchikazi anakhala moyo wawo wonse osakokapo fodya, ngakhale wa chingambwe kapena wa pamphuno, koma zaka zawo zomaliza ankatsokomola ngati munthu wosuta paketi patsiku. Ndikawauza kuti agogo, tiyeni tiboole kazenera kukhitchiniku, iwo ankandiseka n'kunena kuti utsi ndiwo umathamangitsa udzudzu komanso umaletsa anankafumbwe kufumbutsa chimanga cha mbewu chomwe ankapachika kudenga. Pa za chimangazo sankanama. Koma mtengo wake ankalipira ndi chifuwa chawo.

Chondimvetsa chisoni kwambiri ndi mwana wa kumbuyo. Mayi akamavundula nsima atawerama, nkhope ya mwana imakhala pamwamba penipeni pa mphika pomwe utsi ukukwerera. Mwana amapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu ndipo mapapo ake amakhala akukulabe, choncho amameza utsi wambiri poyerekeza ndi kathupi kake. Nkhuni zikakhala zaziwisi, kapena mayi akayatsira moto jumbo chifukwa nkhuni zanyowa ndi mvula, ndiye zinthu zimafika poipa zedi.

MOTO WA PABWALO

Tikatuluka m'khitchini, panja napo sipabwino. Kuyambira mwezi wa Ogasiti, mapiri a kumtunda kwa Mua amakhala akuyaka usiku ndi usiku, moto uli ndandanda ngati magetsi a mu mzinda. Ena amatentha tchire kuti asake mbewa pa lupsa, ena kuti msipu uphukire ng'ombe ndi mbuzi, ndipo ena amangoponya chitsa cha ndudu n'kumapita. Mnyamata amatentha tchire lonse kuti apeze timapani tiwiri ta mbewa tokagulitsa pamsewu, pomwe utsi wake apuma ndi anthu a midzi khumi. Paja akulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Kumunda nakonso ndi chimodzimodzi. Nthawi yososa ikafika, ambiri timaunjika mapesi n'kuyatsa kuti ntchito ichepe. Ku sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan pa mahekitala 800 ndipo imamwa madzi a mtsinje wa Namikokwe, akamaliza kumenya mpunga kumatsala milu ya udzu ndi mankhusu, ndipo njira yachidule yochotsera zimenezi ndi machesi. Chodabwitsa n'chakuti zomwe tikutenthazo ndi manyowa. Tikutentha chakudya cha nthaka, kenako n'kumakagona pamzere kudikira feteleza wotsika mtengo.

Ndiye pali mauvuni a njerwa. Chilimwe chilichonse pafupifupi m'mudzi uliwonse mumakhala uvuni ukufuka masiku angapo, ukumeza zipika za mitengo yomwe inatenga zaka makumi angapo kuti ikule. M'chaka cha 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda, koma munthu wamba womanga kanyumba kake akadali pa uvuni chifukwa thumba la simenti youmbira mabuloko salifikira.

Kugombe la nyanja, amayi ndi anyamata owamba milamba ndi nsomba zina amakhala mu utsi tsiku lathunthu, maso ali psuu. M'misika ya Golomoti ndi Mtakataka, madzulo a tsiku la msika zinyalala zimaunjikidwa n'kuyatsidwa, ndipo mkati mwake muli majumbo, mabotolo a pulasitiki ndi nsapato zakutha. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni woposa wa nkhuni. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pitani pa dzala lililonse mukadzionere nokha. Onjezerani pamenepo fumbi la misewu ya dothi, utsi wa malole ndi maminibasi okalamba a pamsewu wa M5, ndi wa a chiwaya okazinga tchipisi, muona kuti mphuno zathu sizipuma.

MAKALA: UTSI KUNO, NSIMA KUTAUNI

Nkhalango ya Mua-Livulezi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1924, patangopita zaka 22 ansembe a White Fathers atafika pa Mua mu 1902. Nkhalango imeneyi ndiyo imasunga madzi a mitsinje yomwe imatsikira kuchigwa kuno. Lero mukayang'ana kumapiriko m'mawa muona timizere ta utsi woyera tikukwera apo ndi apo. Aliyense wa kuno akudziwa kuti kamzere kalikonse ndi uvuni wa makala.

Uvuni wa dothi ndi wowononga kotheratu. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya makala pamafunika nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10, ndipo zambiri mwa zotsalazo zimathera mu mlengalenga ngati utsi ndi nthunzi. Wootcha amagona pafupi ndi uvuniwo masiku angapo kuulondera kuti usabooke, ndiye kuti woyamba kudwala ndi iye mwini.

Ootcha makala omwe ndacheza nawo onse akunena chinthu chimodzi, kuti ntchitoyi saikonda, ndi yolemetsa, ndi yothamangitsana ndi a zankhalango, koma ndiyo yokha imabweretsa ndalama ya msanga chimanga chikatha m'nkhokwe. Ndipo matumba onse aja mumawaona atatsamira m'mbali mwa msewu sapita m'makhitchini a kuno ayi. Amakwera magalimoto kupita ku Lilongwe, Salima, Balaka ndi kwina. Amene amaima n'kugula ndi anthu a mataye, ena a iwo pa galimoto za kuntchito, omwe mawa lake akakhala pamsonkhano mu hotela kudandaula za kutha kwa mitengo.

Nawonso a m'tauniwo ali ndi chifukwa chawo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi ma megawati 130, magetsi anayamba kuzima maola ambirimbiri mpaka mu 2023, ndipo ngakhale mabanja okhala ndi ma kuka anabwerera ku mbaula. Magetsi akathima ku Area 25, nkhwangwa imalira ku Mua. Lamulo la zankhalango la 1997 limati wootcha makala akhale ndi chiphaso, ndipo mu 2020 zilango zake anaziwonjezera. Koma kulanda njinga ya munthu wosauka pa rodibuloko pomwe wogula akadali ndi njala ya makala kuli ngati kuphera njoka kumchira. Moto umapita kumene kwatsala tchire.

PHUNZIRO LA KU CHIKWAWA NDI KARONGA

Ambiri akamva zonsezi amathamangira kunena kuti mankhwala ake ndi mbaula zamakono. Mu 2013 boma la mayi Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja 2 miliyoni adzakhale ndi mbaula zosawononga nkhuni, ndipo kuchokera nthawi imeneyo Chitetezo Mbaula, ija youmba ndi dongo, yafala m'midzi yambiri. Mbaulayi ndi yabwino ndithu. Imadya nkhuni zochepa, imayaka ndi tinthambi, zitsononkho kapena mapesi a nandolo, imanyamulika, ndipo mwana sagweramo chisawawa.

Koma pali nkhani ina yomwe ogawa mbaula sakonda kuikamba. Pakati pa 2013 ndi 2016, akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anachita kafukufuku wamkulu ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu m'midzi 150. Mabanja a midzi ina anawapatsa mbaula zodula zokhala ndi kafani kopemerera moto koyendera mphamvu ya dzuwa, zomwe zimatulutsa utsi wochepa kwambiri kuposa Chitetezo Mbaula, pomwe a midzi ina anapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zake zitatuluka m'magazini ya madokotala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, anthu anagwira pakamwa: chibayo sichinatsike. Ana a mabanja a mbaula zodula ankadwala mofanana ndi anzawo a pa mafuwa. Chomwe chinatsika ndi ngozi za kupsa ndi moto.

Zina mwa zifukwa zomwe ofufuzawo anaganizira n'zakuti mbaulazo zinkawonongeka pafupipafupi, mabanja ankabwerera ku mafuwa, komanso ana ankapumabe utsi wochokera kwina monga wa zinyalala zotenthedwa ndi wa fodya. Apa ndiye pagona nkhani. Utsi sudziwa malire a bwalo. Inu mukhoza kugula mbaula yabwino, koma ngati a neba akutentha majumbo, kuseri kuli uvuni wa njerwa, ndipo phiri lonse likuyaka, mwana wanu apuma zomwezo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khomo limodzi silingayeretse mpweya wa mudzi.

MAGETSI AKUDUTSA PAMUTU

Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti pa Golomoti pomwepa ndi pomwe pali umboni woti moto wopanda utsi ulipo. M'chaka cha 2022 makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a ma megawati 20, okhala ndi mabatire akuluakulu osunga mphamvu yogwiritsa ntchito dzuwa likalowa. Dzuwa lomwe lija timalidandaula kuti likutiwamba mu Okutobala likusanduka magetsi omwe amalowa mu nthambo za ESCOM kupita dziko lonse. Izi n'zonyaditsa. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Mayi wa m'mudzi woyandikana ndi magalasi a solawo akhoza kumaona nthambo zikudutsa pamwamba pa mutu wake, pamutu pomwepo pali mtolo wa nkhuni.

Komabe ine sinditaya mtima, ndipo chifukwa chake ndi koloboyi. Amene munakula m'ma 1990 mukukumbukira kanyali ka chitini kaja ka palafini, komwe ana asukulu ankawerengera mpaka m'mphuno kuda bii. Lero koloboyi mungamupeze m'nyumba zingati? Palibe phungu anapereka bilu yomuletsa, palibe wapolisi analanda koloboyi wa munthu. Anafa yekha pomwe matochi a mabatire ndi timagetsi ta sola tinatsika mtengo kuposa palafini. Munthu wosauka si chitsiru ayi. Ukamupatsa chinthu chabwino pa mtengo womwe angathe, chakale amachitaya yekha osamukakamiza. Mafuwa ndi makala nazo zidzafa imfa ya koloboyi tsiku lomwe gasi ndi magetsi zidzafike pa mtengo wa munthu wamba.

TICHITE CHIYANI POYEMBEKEZERA?

Tsiku limenelo silinafike, ndipo ana athu sangaleke kupuma kuti alidikire. Pali zinthu zomwe sizilira ndalama. Amayi, kunja kukakhala kopanda mvula phikirani panja kapena pa khonde pomwe mphepo ikudutsa. Abambo, khitchini ndi nyumba ngati ina iliyonse, iboolereni mazenera awiri moyang'anana ndipo musiye mpata pakati pa khoma ndi denga kuti utsi uzituluka. Nkhuni ziziuma kaye, ziwazidwe zing'onozing'ono, ndipo jumbo isayandikire moto wophikira. Nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga, ndipo mphika wovundikira umadya nkhuni zochepa. Mwana atsike kumbuyo nthawi yophika, akhale ndi achemwali ake kapena agogo ake pamthunzi. Mbaula ya makala isagone m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji. Ndipo mwana akayamba kupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, musataye nthawi ndi zitsamba, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa chibayo sichichedwa kutenga mwana.

Zina n'zofunika mudzi wonse. Dera lino laonetsa kale kuti mafumu akagwirizana pa lamulo la m'mudzi zinthu zimasintha, monga momwe a Theresa Kachindamoto anathetsera maukwati a ana mazanamazana mpaka mbiri yawo kumveka kunja. Nanga chingalephereke n'chiyani kuti magulupu ndi anyakwawa aike chindapusa cha mbuzi kwa wotentha tchire? Mapesi ndi udzu wa mpunga zikwiriridwe, ziphimbire nthaka, kapena zilowe m'nkhuti ya manyowa. Makomiti a misika akumbe maenje a zinyalala zoola ndipo mapulasitiki aziikidwa padera. Banja lililonse likhale ndi mzere wake wa nandolo, keshya, gilisidiya kapena nsungwi m'malire a munda kuti nkhuni zizichokera pakhomo. Kumadoko ena a ku Mangochi asodzi anayesapo matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, ndipo palibe chifukwa choti gombe la Dedza litsalire.

Kwa inu akuluakulu a boma, a khonsolo ya Dedza ndi a bungwe la MEPA lomwe linabadwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ntchito yanu ndi yaikulu kuposa kudzala mtengo umodzi pamaso pa makamera chaka ndi chaka. Tsitsani mtengo wa gasi ndi masilinda ake m'matauni kuti njala ya makala ichepe. Fulumizitsani magetsi a kumidzi, kuyambira midzi yomwe yazungulira pomwe magetsiwo akupangidwira. Ootcha makala apatseni pogwira pena, kaya ulimi wa njuchi, kaya wamthirira, musanawathamangitse m'nkhalango. Tibweretsereninso timakina toyezera mpweya pa Golomoti, pa Mua ndi pa Mtakataka, zotsatira zake muzizipachika pa bolodi kuti aliyense aziona chomwe akupuma.

Aphungu ndi makhansala akamabwera kudzapempha mavoti timawafunsa za mijigo, milatho ndi makuponi. Ulendo uno tiwafunsenso za utsi. Madzi akuda munthu ukhoza kuwakana n'kukatunga kwina, nsima yosapsa ukhoza kuikankha, koma mpweya ulibe kokana. Dzinja likubwerali, kuzipatala kudzadzazanso ana obanika ndi chibayo, ndipo ambiri a iwo adzakhala ochokera m'makhitchini opanda zenera.